Zimene Kasefa Kanagwira

Ndinataya mkazi.

Ndinataya phokoso la makina osokera Loweruka m'mawa, ndi ulusi umene unkandikola kumasokosi. Mbali ya bedi ya kukhoma. Munthu wokangana naye za minibasi yoyenera kukwera pochoka m'tauni. Mwana amene tinkati tidzakhala naye thupi la mkazi wanga likadzalimba. Dzina langa lachipongwe, limene tsopano palibe amalitchula.

Mawu ake okha sindinawataye mpaka tsiku lomaliza. Ndikulemba za kanthu kakang'ono kamene kanathandiza kuti zikhale choncho.

Mkazi wanga anali munthu wolankhula. Ankasoka mayunifolomu a ana asukulu m'kashopu ka pamsika wa ku Kabwata, ndipo ena ankabwera ndi buluku losang'ambika n'komwe, kungofuna kudzakhala pabenchi n'kumamumvera. Ine ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ku Chelstone. Ankanditcha "ba ticha", makamaka ndikalephera kanthu kapafupi monga kulowetsa ulusi pasingano.

Amayi ake, apongozi anga, anasiya kulankhula iye ali ku sekondale. Onse awiri anali ndi matenda amodzi, aja amayamba ngati zilonda zapakhosi paubwana kenako n'kukawononga zitseko za mtima. Tsiku lina apongozi akuchapa, kanthu kena kanachoka mumtima mwawo n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Mwendo unadzabwerera pang'ono, dzanja lamanja linafooka, koma mawu sanabwererenso. Kumva amamva zonse. Amayankha ndi nsidze, milomo, dzanja lamanzere, ndi kamawu kamodzi kotuluka m'mphuno kamene amakakweza ndi kukatsitsa. Pabanja ponse, amene ankamva chilankhulo chimenechi anali mwana wawoyo basi.

Ine sindinkachimva, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Mabanja athu onse ndi a kum'mawa. Makolo anabwera mu Lusaka kalekale, koma mwambo wa chipongozi sanausiye kumudzi. Mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso. Ndikafika kwawo ku Kabwata ndinkanjuta pakhomo, n'kuwomba m'manja, n'kupereka moni maso ali pasimenti. Mkazi wanga ankandiuza kuti, "Akuti ali bwino, afunsa ngati wadya." Zitenje zawo zonse ndinkazidziwa mitundu yake. Nkhope yawo ndinkaidziwa pa zithunzi za ukwati.

Ali mtsikana, mkazi wanga anachitidwa opaleshoni kunja kwa dziko lino, ampingo atathandiza. Anamutsegula pachifuwa n'kumuika valavu, ndiye kuti chitseko chatsopano cha mtima, yopangidwa ndi nyama ya ng'ombe. Zitseko zoterezi zimatha. Tinkadziwa, koma tinkati n'zam'tsogolo. Chimene chinandidzidzimutsa si kutupa kwa mapazi kapena kuima kawirikawiri panjira. Ziganizo zake zinayamba kufupika. Nkhani imene kale ankaikamba mpweya umodzi, tsopano ankaidula pakati, n'kupuma, n'kumeza malovu, n'kupitiriza.

Dokotala wake ku chipatala cha mtima anali mayi wa ku Copperbelt, wamfupi, wosathamanga polankhula. Atamaliza kumupima anatipatsa moni wachiwiri m'chilankhulo cha kwawo, "Muli shani, ba ticha?" pakuti dzina lija anali atalimva kale kwa mwini wake. Kenako anafunsa funso limene sindinaliyembekezere.

"Ketulo yanu kunyumba, mukaitsegula mumaonamo chiyani?"

"Zoyera zija zokakamira," anayankha mkazi wanga. "Madzi a mu Lusaka. Awa ndimawauza kuti azipala, amati alibe nthawi."

"Ndi zimene zili pa valavu yanu manje. Yauma, sikutseguka bwino."

Anatifotokozera kuti kutsegulanso pachifuwa n'koopsa chifukwa mtima unali utafooka. Panali njira ina. Valavu yatsopano amaipinda n'kuiika kunsonga kwa kapaipi kowonda, n'kukalowetsa mumtsempha wa m'mphechepeche. Kapaipiko kamakwera motsutsana ndi magazi mpaka kumtima. Kakafika, valavu yatsopanoyo imatambasuka m'kati mwa yakale n'kuikankhira m'mbali. Pachifuwa sakhudzapo.

"Koma mukapala ketulo," anatero dokotala, "tizidutswa timagwa."

Sanafunike kundiuza zotsalazo. Chaka chilichonse ndimajambula mtima pabolodi ndi choko chofiira ndi chabuluu. Mtsempha waukulu ukachoka mumtima umapinda ngati chogwirira cha ndodo, ndipo pamwamba pa kupindako pamatuluka nthambi zitatu. Ndimauza ana kuti aloweze mayina ake. Sindinaganizepo kuti nthambi zimenezo ndi misewu yoyamba imene kanthu kochoka mumtima kamaipeza, ndi kuti imapita kumutu.

"Tikafika kumutu tizidutswato?" anafunsa mkazi wanga.

"Nthawi zambiri palibe chimene chimaoneka. Nthawi zina ndi sitiroko."

Dokotala, amene mbiri ya apongozi anali ataiwerenga, anatsegula dirowa n'kutulutsa waya wautali wofewa. Kunsonga kwake kunali timatumba tiwiri tosongoka, tokula ngati nsonga ya chala, tosokedwa pa timphete ta waya. Anati kameneka ndi kasefa. Kamalowera pamkono wamanja, pamene timavala wotchi. Kamakwera mumtsempha kali kopinda, kudutsa paphewa, n'kukatseguka m'nthambi ziwiri zopita kumutu. Magazi amadutsa, tizidutswa timatsala. Ntchito ikatha amakapinda ndi zonse zimene kagwira, n'kukakokera kunja.

Mkazi wanga anakagwira ngati akusankha nsalu kwa amwenye. Anakatikita pakati pa zala, n'kukakweza ku windo.

"Mabowo ali kuti, ba dokota? Sindikuona bowo."

"Alipo ambirimbiri. Maso sangawaone."

"Ndipo magazi amadutsa apa?"

"Amadutsa, osachedwa."

Ine ndinkangoyang'ana. Ndinaganiza za munthu wina kwinakwake amene anakhala pansi n'kuyeza kukula kwa bowo loti magazi adutse koma kamchenga kakanike, n'kupeza njira yolisokera pa waya woti uyende m'thupi la munthu wamoyo mtima ukugundabe. Ndaphunzitsa za kusefa madzi amatope ndi pepala kwa zaka zingapo. Sefa yonga iyi sindinaiganizirepo.

"Chabwino, ndikufuna kameneka," anatero mkazi wanga.

Apa ndi pamene panali vuto. Kamene tinagwirako kanali kongophunzitsira. Valavu inalipo, akanatha kuiika mwezi womwewo. Tisefa tinali titatha, ndipo tina tinkayembekezeka kubwera ndi madokotala ochokera kunja, koma tsiku lake silinkadziwika. Dokotala sanabise kanthu. Anati anthu ambiri amawachita popanda kasefa ndipo amadzuka bwinobwino. Anati kasefako sikatseka njira zonse, pali mtsempha umodzi kumanzere umene umatsala wosatetezedwa. Anatinso mtima wa mkazi wanga sunali woti udikire nthawi yaitali.

"Mukaganize ndi abale," anatero.

Tinakumana Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, kunyumba kwa amalume ake ku Libala. Ndiwo mlongo wa apongozi, mkulu wa mpingo, ndipo nkhani ya moyo wa mwana wa mlongo wawo siikanatha popanda iwo. Ine ndinakhala pampando wa kukhomo, chammbali, monga mwa nthawi zonse. Amalume anamvetsera, n'kunena kuti munthu akudwala sadikira sefa. Atandifunsa ndinavomerezana nawo. Ndinalankhula ngati mphunzitsi, mfundo yoyamba, mfundo yachiwiri.

Kenako ndinamva kamawu ka m'mphuno ka apongozi kaja, kokwera, ndi dzanja likumenya pabondo.

"Akuti chiyani amayi ako?" anafunsa amalume.

Mkazi wanga akanatha kunama. Palibe akanamugwira. "Akuti ndipite manje manje, ndisadikire. Akuti bola kukhala moyo ngati iwo kusiyana n'kufa." Anapuma, n'kutembenukira kwa iwo. "Ndamva, amayi. Koma ayi."

"Iwe mwana," anatero amalume.

"Amalume, imwe mumabwera ku Kabwata, amayi akakweza dzanja mumawapatsa madzi. Akakwezanso mumawapatsanso madzi. Tsiku lija anamwa makapu angati? Ankafuna muwatsekere windo." Amalume anaseka asakufuna. "Ine ndikatsekeka pakamwa, m'nyumba muja mudzakhala anthu awiri ongoyang'anana. Ndani adzanene kuti amayi mutu ukuwawawa? Ba ticha awa? Awa ngakhale atakumana nawo m'tauni angawadutse. Sawadziwa nkhope."

Nkhani inathera pomwepo. Sitinamugonjetse, ndipo sindikudziwa ngati panali munthu akanatha.

Tinadikira kuyambira nyengo yozizira. Anasiya kupita kushopu. Tinasamukira ku Kabwata kwa apongozi, pafupi ndi chipatala kusiyana ndi kwathu, ndipo ine ndinkakwera minibasi ziwiri popita kuntchito. Mapilo anachoka pa awiri kufika pa anayi, kenako ankagona chokhala. Mphepo ya fumbi inabwera n'kupita. Jakaranda wa ku Longacres anachita maluwa, ndinkawaona pawindo la basi, n'kumawerengera mumtima kuti nyengo yasinthanso. Ndinamupempha kamodzi kokha kuti asinthe maganizo. Ankasoka batani pa shati yanga ndi manja, pakuti makina anali atayamba kumulemera. Sanadzutse mutu.

"Ukufuna mkazi kapena ukufuna chithunzi cha mkazi?" anatero, n'kuluma ulusi.

Foni ya kuchipatala inandipeza m'kalasi, kunja kukutentha kwambiri mvula isanayambe. Tisefa tinali titafika.

Anamulowetsa m'mawa. Pa bedi la matayala ankaoneka wamng'ono, milomo itada, koma anali akufunsabe namwino kumene anagula nsapato zake. Pakhonde panali benchi limodzi. Amalume anakhala pakati, apongozi mbali ina, ine mbali ina. Amalume anapemphera, kenako anatulutsa nyuzipepala imene sanaitsegule. Apongozi ankang'ung'udza nyimbo ya ku tchalitchi. Mawu a nyimbo sangawatchule, koma kaimbidwe kake sanakaiwale, ndipo salakwitsa. Ine ndinkayang'ana mkono wanga wamanja, kamtsempha kamene kamagunda pafupi ndi wotchi, n'kumayesa kutsatira njira yake ndi chala mpaka paphewa.

Tinamumva tisanamuone. Chitseko chitatseguka, namwino wina akutuluka, kunamveka mawu olemera ndi mankhwala, ochedwa, koma athunthu.

"Anasoka ndani gauni iyi? Onani msoko uwu. Ba sisita, munthu uyu mumulipira?"

Amalume anagwetsa nyuzipepala. Apongozi anasiya kuimba. Ine ndinakhalabe pabenchi, n'kumamvetsera.

Atatilola kulowa, namwino anali akumuyesa. Sekani. Kwezani manja onse awiri. Finyani zala zanga. Muli kuti pano? Uyu ndani?

"Uyu? Uyu ndi munthu wina amene amandivutitsa ku Chelstone," anatero. Milomo yake inali itayamba kale kufiira.

Masana dokotala anatiitanira m'kachipinda kake, ife atatu. Anayamba watisonyeza kanema wa zimene anachita, pa kompyuta. Thupi la mkazi wanga linkaoneka ngati utsi, nthiti ngati mithunzi. Mawaya a opaleshoni yakale ija anali pamzere pakati pa chifuwa, ngati mabatani. Kuchokera kumanja kunabwera kamzere kakuda, kakukwawa, kakuima, kakubwerera pang'ono, kakupinda. Kenako kamphete kanatseguka. Patsogolo pang'ono, kamphete kachiwiri. Timphete tiwirito tinkagwedezeka ndi kugunda kulikonse ngati tili pamadzi.

Kuchokera kumunsi kunabwera kapaipi kokulirapo, kanazungulira kupinda kuja kumene ndimajambula pabolodi, n'kutsikira kumtima. Dokotala anaimitsa kanemayo.

"Apa tinaufulumizitsa mtima dala, ndi magetsi, mpaka unangonjenjemera chabe. Ukamapopa mwamphamvu ungakankhe valavu tisanaikhazike."

Anaupitiriza. Ndinaona mtima wa mkazi wanga ukusiya ntchito yake, ukunjenjemera ngati mbalame yogwidwa m'manja. Valavu inatambasuka pang'onopang'ono. Kenako madokotala anausiya mtima uja. Panadutsa kanthawi kamene m'chipindamo palibe anapuma, ngakhale tonse tinkadziwa kuti mwini wake ali m'wodi akudandaula za ludzu. Mtima unagunda kamodzi, mwamphamvu, n'kugundanso, n'kupitiriza ngati palibe chachitika.

"Mulungu wamkulu," anatero amalume motsitsa.

Ndiye dokotala anabweretsa kambale kagalasi n'kukaika patebulo pa nsalu yobiriwira. Anati amakonda kusonyeza abale, chifukwa munthu akaona sadzafunsa usiku ndi usana. Munali madzi pang'ono, ndi zimene anatsuka m'tisefa tija. Tizidutswa tochepa. Tina toyera ngati chigoba cha dzira chophwanyika, kamodzi kofiirira ngati kanyama, tina tating'ono moti mpaka utisendeze pa kuwala kuti utione. Kakakulu pa tonse sikankaposa njere ya mawere.

Amalume anavala magalasi awo. Anayang'ana nthawi yaitali. Iwo ndi mkulu wa mpingo, koma anakulira kumudzi kumene sing'anga akachotsa kanthu m'thupi la wodwala amakasonyeza pambale, anthu onse aone.

"Ba dokota," anatero mosamala, "kodi zimenezi anaziikamo ndani?"

"Palibe, atate. Ndi za m'thupi mwake momwemo. Valavu yakale ija."

"Hmm. Koma zatuluka."

"Izi zatuluka. Matenda a mtima akadalipo, tiziwayang'anira."

"Zatuluka," anabwerezanso amalume, atakhutira, ndipo anapempha kuti awakulungire akazikwirire, pakuti za m'thupi la munthu sizisiyidwa kwa alendo. Dokotala anapepesa, anati zikupita ku labu. Amalume sanakondwe, koma anavomera atamva kuti akamaliza kuziyeza amaziwotcha.

Pamene iwo ankakambirana zimenezi, ine ndinali nditaweramira pa kambale kaja. Sindinazindikire kuti apongozi nawonso aweramira kuchokera mbali ina ya tebulo. Nditadzutsa mutu, nkhope yawo inali pafupi ndi yanga moti ndinamva kutentha kwa mpweya wawo. Ndinayenera kugwetsa maso. Sindinawagwetse, ndipo iwonso sanatero. Anali ndi maso a mkazi wanga, ndi chipumi chake, koma mbali imodzi ya pakamwa inali yogwa. Anatambasula chala chakumanzere n'kuloza kachidutswa kakakulu kaja. Kenako anagwira mutu wawo, pamwamba pa khutu lamanzere. Nsidze zinakwera.

Panalibe womasulira. Mkazi wanga anali m'wodi.

"Inde, amayi," ndinatero. "Kangakhale kanali kotere."

Anayang'ananso m'mbalemo. Zaka zonsezo anthu ankawauza mayina a chimene chinawachitikira, ena akuti sitiroko, ena akuti anawalodza, ena akuti chifuniro cha Mulungu. Palibe anawasonyezapo kukula kwake. Anapukusa mutu pang'onopang'ono, n'kuseka kaseko kopanda mawu, kodabwa, misozi ikutsika mbali imodzi yokha. Anatsina chala chachikulu ndi chamkombaphala n'kusiya kampata kakang'ono pakati, n'kundisonyeza ine, n'kusonyeza mlongo wawo.

Mvula inayamba mkazi wanga atatuluka. Miyezi imene inatsatira sindingaifotokoze bwino. Ziganizo zake zinatalikanso. Anabwerera kushopu, benchi linadzazanso. Analandira ntchito yosoka makatani a nyumba ina ku Kabulonga, ndipo tinapita limodzi kukayeza mawindo, ine nditagwira nsonga ya tepi, iye akuuza mayi wa nyumbayo kuti mtundu umene wasankha ndi wa m'chipinda cha maliro. Tsiku lina tinatsika basi ku Woodlands popanda chifukwa n'kuyenda wapansi pansi pa mitengo, iye akulankhula njira yonse, ine ndikumvetsera mpweya wake kuposa nkhani yake. Pamkono pake panatsala kachipsera ngati poluma udzudzu. Ankakasonyeza kwa makasitomala. "Analowera apa," ankatero, "ndi sefa, mpaka m'khosi." Ambiri sankakhulupirira.

Ndinamuuza za kambale kaja, ndi zimene ndinayankha apongozi. Anandiyang'ana m'maso.

"Ndiye maso muli nawo, ba ticha?"

Loweruka lotsatira anatulutsa mipando iwiri pakhonde la ku Kabwata n'kuiika moyang'anizana. Anakhazika amayi ake pa umodzi, ine pa wina, iye n'kukhala pakati chammbali ndi nsalu yake pamiyendo. Ndinachita manyazi ngati andivula. Apongozi anadziphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Amayi, chotsani icho. Uyu si mkamwini lero, ndi mwana wa giredi wani. Yambani."

Anayamba ndi zapafupi. Milomo kusongoka kuloza kukhitchini. Chala kuzungulira pachikhatho. Kamawu kaja kakakwera kumapeto ndiye funso, kakatsika ndiye kukana, kakatalika ndiye kuti munthu amene akutchulidwayo sakumukhulupirira. Ndinkalakwitsa kwambiri. Tsiku lina ndinamasulira kuti akufuna kupita kuchimbudzi pamene ankafunsa za abusa atsopano, ndipo mkazi wanga anaseka mpaka ndinaopa za valavu.

Amalume atatipeza tsiku loyamba anaima pageti, chipewa chili m'manja.

"Kodi mwambo unatha m'nyumba muno?"

"Mwambo ulipo, amalume," anayankha mkazi wanga. "Tangoubwereka pang'ono. Khalani apo, imwenso muphunzire za windo."

Anakhala, koma anatembenuzira mpando wawo kumsewu. Apongozi anandiyang'ana, n'kuloza mlongo wawoyo ndi milomo, n'kutulutsa kamawu katali kaja. Ndinamva, ndipo ndinaseka ndisanadziletse. Aka kanali koyamba kuti ine ndi apongozi anga tinene munthu miseche.

Sindinafunse chifukwa chake ankafulumira ndi maphunzirowa. Ndikuganiza kuti thupi lake linamuuza kale zimene makina anadzatiuza pambuyo pake.

Kuzizira kutabweranso, mapazi anayambanso kutupa. Valavu inali bwino, dokotala anatisonyeza ikutseguka ndi kutseka mosavuta. Koma nyama ya mtima inali itakoka katundu wolemera nthawi yaitali, inatanuka, ndipo sinathe kubwerera. Dokotala anasintha mankhwala, anasinthanso. Amalume sanamvetse. Ankangoti, "Koma zinatuluka, ndinaziona ndi maso anga."

Ndinapita ndekha kwa dokotala kukafunsa funso limodzi. Kodi kudikira kuja ndi kumene kunachititsa? Anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Sindidziwa, ba ticha. Mwina kunawonjezera. Mwina mtima unali utafika kale pamenepo. Ndiponso sindingakuuzeni kuti tizidutswa tija tikanamupweteka. Mwina tikanangodutsa. Mwina kamodzi kakanakhala pamalo oipa."

Yankho limenelo ndi limene ndili nalo mpaka lero, ndipo sindiyesa kuliwongola. Chimene ndikudziwa ndi chimene ndinaona: kambale kagalasi, ndi zimene zinali m'menemo m'malo mokhala m'mutu mwake. Ndikajambula mtima pabolodi tsopano, ndikafika pa nthambi zitatu zija dzanja limachedwa. Ana amaganiza kuti ndaiwala mayina. Ndimakhala ndikuganiza za kansalu kopyapyala kuposa khungu la anyezi, katatseguka mumdima m'khosi la mkazi wanga, magazi a moyo wake onse akudutsapo, iko kakusankha.

Mkazi wanga anagonekedwanso m'wodi. Analankhula masiku onsewo, pang'onopang'ono, mawu atatu kapena anayi, n'kupuma. Anagawa makasitomala ake kwa mnzake wa shopu yoyandikana nayo, n'kunena amene ayenera kuyezedwa kawiri chifukwa amabisa mimba. Anakangana ndi amalume za nyimbo. Anauza amayi ake zinthu zina ine nditatuluka.

Tsiku lomaliza silinaoneke ngati lomaliza. Ndinabwera ndi apongozi nthawi yoona odwala ya masana. Anali atadyako phala, tsitsi atamupesa, akuoneka bwinoko kusiyana ndi dzulo lake. Tinakhala mpaka namwino anayamba kuwomba m'manja kuti alendo tituluke. Ndinati ndikawasiye amayi ku Kabwata n'kubweranso madzulo. Anamwalira ine ndili m'basi pobwerera, dzuwa lisanalowe. Namwino anati anali kugona.

Potuluka paja, tili pakati pa mabedi, apongozi anaima n'kundigwira mkono. Anakwinya nkhope, n'kupinda zala, n'kutulutsa kamawu kafupi. Ndinawayang'ana kumaso, monga ndinaphunzitsidwira, ndipo ndinayankha molimba mtima kuti tigula mabanzi pageti. Kumbuyo kwathu ndinamva kaseko kofooka. Ndinatembenuka. Anali atadzutsa mutu pa pilo, akutiyang'ana tonse awiri.

"Si njala iyo, ba ticha. Nsapato ikuwathina. Yang'anani bwino."